Za Loisi, Agogo Ache a Timoteo

Mwezi uno tifuna kukumbukira nkhalamba imodzi imene dzina lache litchulidwa kamodzi kokha m'Buku Lopatulika lonse, ndiye Loisi, agogo ache a Timoteo. Mudzampeza pa 2 Timoteo 1:5.

Pamene Paulo analemba kalata imeneyi anali m'ndende ku Roma, womangidwa ndi unyolo, ndipo anadziwa kuti imfa yache yayandikira. Munthu wotere sataya mau pachabe. Koma taonani, asanayambe kulangiza za nchito ya Eklesia, akumbukira misozi ya Timoteo, ndipo pomwepo akumbukiranso akazi awiri, Loisi ndi Yunike. Nanena kuti chikhulupiriro cha mnyamatayo sichinayambe ndi iye mwini, koma chinayamba mwa agogo ache, chinapitirira mwa amache, kenaka chinafika kwa iye. Satiuza kuti Loisi analalikira pabwalo, kapena kuti anayenda maulendo onga a atumwi. Chimene amkumbukira nacho ndi chimodzi: mdzukulu.

Tiyeni tione kumene mwanayu anakulira. Paulo anampeza ku dera la Lustra, m'dziko la Lukaoniya, kumene lero kuli dziko la Turkey. Pa Machitidwe 14 tiwerenga kuti kunja kwa mudzi umenewo kunali kachisi wa Zeu, ndipo anthu ache tsiku lina anafuna kuphera Paulo ndi Barnaba ng'ombe za nsembe, poyesa kuti ndi milungu. Patapita nthawi pang'ono anamponya Paulo miyala, namkokera kunja kwa mudzi, poganiza kuti wafa. Amache a Timoteo anali Myuda wokhulupira, koma atate ache anali Mhelene. Ngakhale zinali chomwecho, Paulo achita umboni pa 2 Timoteo 3:15 kuti mwanayu anadziwa Malembo kuyambira ali wakhanda. Nanga anamphunzitsa ndani mbiri ya Abrahamu, ya Mose ndi ya Davide m'mudzi wa mafano? Ife tiyesa kuti ndi akazi awiri omwewo, ndipo woyamba kutchulidwa ndi agogo.

Ife Achewa sitisowa wotimasulira chinthu ichi. Mwana akaleka kuyamwa, amache nakhala ndi pakati pena, apita kukagona kwa agogo. Kumeneko aotcheredwa mbatata pa phulusa, asungiridwa mkute, ndipo akalakwa athawira komweko kuti chikoti chisampeze. Agogo amutcha mdzukulu wao wamwamuna "mwamuna wanga", naseka naye monga amache sangathe kuseka naye. Ndipo mtsikana aulula kukuka zimene sangaziulule kwa wombala. Usiku moto utazirala nthano ziyamba, ana nayankha kuti tili tonse, ndipo za Kalulu ndi Fisi zimene tinazimva pamphasa yomweyo tizikumbukira kufikira lero, pamene zambiri za m'sukulu tinaziiwala kalekale. Makolo athu sanalakwe potchula agogo kuti ambuye. Ndi dzina lolemera, ndipo mudziwa Amene timutchulanso motero.

Tsono ngati khutu la mwana litseguka chomwecho kwa agogo, chimene alowetsamo iwo sichituluka msanga, chingakhale chabwino, chingakhale choipa. Agogo omangirira mwana chithumwa m'chiuno amphunzitsa mantha. Agogo ogwada naye asanagone amphunzitsa kumene athawire pochita mantha. Buku Lopatulika lathunthu linatuluka m'chinenero chathu m'chaka cha 1922, ndipo akazi ambiri amene anabatizidwa masiku amenewo sanadziwe kuwerenga ngakhale chilembo chimodzi. Koma anasunga mumtima zimene anamva m'kalasi, nazibwereza kwa adzukulu pokonola chimanga ndi popita kudambo. Ambiri a ife amene tiima kutsogolo lero tinamva dzina la Yesu poyamba pakamwa popanda mano.

Ndipo katundu wao sanapepuke masiku ano ai. Kale amuna anapita ku migodi ya ku Johannesburg nasiya ana. Lero apita amuna ndi akazi omwe, ena kutauni, ena kunja, ndipo ena anatengedwa ndi matenda a Edzi. Ana atsala ndi yani? Atsala ndi agogo, amene msana unawerama kale, nagwiranso khasu kachiwiri kuti adyetse ana a ana ao. Akumbutsa Naomi, amene atataya mwamuna ndi ana ache awiri ku Moabu, anafukata Obede mwana wa Rute namlera, ndipo Obede ameneyo anabala Jese, atate wa Davide.

Apa ndipo tiyenera kunena mau owawa. Pali adzukulu amene analeredwa chomwecho, ndipo ataphunzira kuwerenga achita manyazi ndi agogo ao, chifukwa sadziwa Chingerezi, ndipo nsaru yao inunkha utsi. Denga lao lidontha, nkhuni zatha, mtsuko uli gwa, koma mdzukulu apita kutchalichi atavala bwino, nyimbo ili pakamwa. Choipa choposa ndi ichi: mwana akamwalira m'mudzi, kapena malonda akakanika, maso onse atembenukira kwa nkhalamba, nayamba kunong'onezana kuti ndi mfiti. Chifukwa chiani? Maso ao afiira ndi utsi wa zaka zambiri pophikira ife tomwe. Alankhula okha chifukwa anzao onse anapita, ndipo nzeru zina zizirala ndi ukalamba. M'chaka cha 2016 ku Neno okalamba anai anaphedwa, ataganiziridwa kuti anatuma mphenzi imene inapha mtsikana. Lamulo la boma la 1911 liletsa kutchula munthu mfiti. Koma Mkristu asayembekeze lamulo la boma kuti limletse, pakuti Paulo yemweyo, pa 1 Timoteo 5:4, alamula ana ndi adzukulu a mkazi wamasiye kuti ayambe kuonetsa chipembedzo chao m'banja lao lomwe, pobwezera akulu ao zimene anawachitira. Analembera mau amenewa mdzukulu wa Loisi, ndipo ameneyo sanasowe womfotokozera.

Inu agogo amene wina akuwerengerani tsamba ili, musanene kuti nchito yanu m'Eklesia inatha chifukwa miyendo siifikanso kutchalichi. Ana ali pamphasa panu usiku uliwonse. Mukatha nthano ya Kalulu, auzeninso ya Yosefe ndi abale ache, ndi ya Danieli m'dzenje la mikango.

Ndipo tipempha akulu a mpingo, poyendera midzi yao mwezi uno, alowe m'nyumba za nkhalamba zimene zilera ana, ayang'ane denga ndi nkhokwe mvula isanagwe, natumize achinyamata a m'kalasi ndi udzu ndi nkhuni. Amene adziwa kuwerenga atenge Buku, akhale pafupi ndi khutu la agogo, nawawerengere mutu woyamba wa 2 Timoteo mokweza ndi mosafulumira.