Za Mkhalapakati ndi Gawo Lake

Pali funso loyenera kulilingalira onse akudya za thukuta lao: kodi munthu woima pakati pa wantchito ndi womlipira ayenera kutapa gawo lotani, ndipo mangawa ake ndi otani?

M'chaka cha 2008 ku San Francisco kudayamba kampani ya Airbnb, imene ikomanitsa mlendo ndi mwini chipinda chogonamo. Mu 2009, m'mzinda womwewo, idabadwa Uber, yokomanitsa wapaulendo ndi woyendetsa galimoto. Nyumbazo si zao, magalimotowo si ao; chao ndicho njira ya pa foni, ndipo pa ulendo uliwonse ndi usiku uliwonse atapapo gawo.

Tisafulumire kuwatsutsa. Ndani angalowetse munthu wosamdziwa m'nyumba mwake popanda wina womchitira umboni? Chimene agulitsa makampani awa ndicho chikhulupiriro, ndipo chimenecho chili nao mtengo wake. Koma taonani nkhoswe ya ukwati: ulemu wake uchokera pa ichi, chakuti tsiku la mlandu siithawa. Uber inkati oyendetsa ndi anthu odzilemba okha. Koma mu 2021 bwalo lalikulu la milandu la ku Britain lidagamula kuti oyendetsa amene adasumawo ali antchito ndithu, oyenera malipiro a lamulo ndi masiku opuma olipidwa. Indetu, wofuna gawo la phindu asenzenso gawo la mlandu.

Chifukwa chake ena afuna njira yina. M'chaka chomwecho ku New York kudayamba kuyenda magalimoto a The Drivers Cooperative, bungwe limene eni ake ndiwo oyendetsa omwe. Ku Italy adakhazikitsa Fairbnb, ndi pangano lakuti theka la gawo la bungwe lipite ku ntchito zothandiza mudzi umene mlendo wagonamo. Nzeru imeneyi si ya lero: mu 1844 anthu 28 a ku Rochdale, ambiri a iwo oomba nsalu, adasonkha ndalama natsegula sitolo yaoyao.

Komatu kuchotsa mkhalapakati sikuchotsa ntchito yake ai. Mlendo akaswa zenera, woyendetsa akanyenga, wina ayenera kuweruza ndipo wina ayenera kulipira. M'bungwe la eni ake mlandu umenewo ugwera iwo omwe: asonkhane atatopa, awerengere ndalama poyera, alange mbale wao akalakwa. Mutu umodzi susenza denga, n'zoona. Koma dengalo lilemera ngakhale mitu ichuluke, ndipo mmodzi akazemba likhotera pa anzake.

Ndipo inu wapaulendo, mulimo m'nkhaniyi. Bungwe laling'ono lili nao magalimoto owerengeka, ndipo galimoto yake ichedwa kufika. Ngati simulola kudikira kanthawi kuti woyendetsa apite kwa ana ake ndi gawo lokwanira, musadandaule kuti mkhalapakati wanenepa, pakuti womdyetsa ndinu.