Kupatsa N'kuika: Nzeru ya Makolo pa Nyumba Yodzaza Katundu

Akuluakulu akale anatisiyira mwambi waufupi wakuti "Kupatsa n'kuika." Tanthauzo lake n'lakuti chimene wapereka kwa mnzako sichinatayike ayi. Wachisunga pamalo pamene udzachipeze tsiku la mavuto, kaya chibwere monga chinapitira, kaya chibwere ndi nkhope ina. Mwambiwu timaumva kawirikawiri pamaliro, paukwati ndi paguwa mlaliki akamalimbikitsa za chopereka, koma sitiukumbukira tikaima m'chipinda chimene chadzaza mpaka chitseko kumakana kutseguka. Komatu m'pamene ukufunika kwambiri. Mabanja ambiri, m'tauni ngakhale kumudzi, akupanikizika m'nyumba zawo, osati chifukwa cha kuchuluka kwa ana kokha, koma chifukwa cha katundu amene anasiya kalekale kugwira ntchito: zovala zothina, mapoto obooka, wailesi yakufa, mafoni osayaka, makatoni amene palibe akukumbukira zimene zili m'kati mwake. Mfundo yanga ndi yakuti kulongosola nyumba sikuyambira pa kugula kabati ina kapena sutikesi yaikulu. Kumayambira pa kuvomereza zimene makolo anaona, kuti chinthu chimene sukuchigwiritsa ntchito chimasungika bwino m'manja mwa munthu amene akuchisowa lero kusiyana ndi kunsi kwa bedi lako.

Mwambiwu sunabadwe chifukwa cha chifundo chokha. Unabadwa chifukwa makolo ankadziwa kuti zinthu zambiri sizilola kusungidwa. Mlenje akapha nyama yaikulu, ina ankaiwamba pamoto, koma yambiri inkayenda khomo ndi khomo, ndipo tsiku limene iye wabwerako kuuzimba chimanjamanja, ndiwo zinkachokera kwa omwe anawagawira aja. Mlimi wa mbatata akudziwa zomwezi mpaka lero. Mbewu ya mbatata sungaithire m'thumba ngati ya chimanga, chifukwa ndi yaiwisi, ndipo m'chilimwe imauma ikasowa chinyezi. Wogawirako mnzake amene ali ndi dimba ndiye amakhala ndi kokatenga mbewu mvula ikagwa, pamene woumira amapezeka akuyendayenda kupempha. Ngakhale chimanga chenichenicho, chimene timati n'chosungika, chikangokhala m'nkhokwe kapena m'matumba popanda mankhwala monga Actellic, anankafumbwe amachisandutsa fumbi pa miyezi yowerengeka. Choncho makolo anaona kuti kusunga kuli ndi malire, kulinso ndi mtengo wake, ndipo chuma chimene sichifumbwa ndi ubale umene umamangidwa pamene chotsala cha wina chatseka kusowa kwa wina.

Lamulo lomweli likugwira ntchito m'nyumba zathu, kungoti kuwonongekako kumachitikira mumdima, maso osaona. Zovala zimene zapanikizidwa m'chikwama chaka chonse zimatuluka zitachita chuku ndi chinyezi cha dzinja, zina zitadyedwa ndi njenjete. Makatoni a makope akale ogona pansi ndi chakudya cha chiswe komanso chisa cha makoswe. Mphemvu ndi nsikidzi zimaswana m'mipata imene tsache silifikamo, ndipo udzudzu umapuma masana m'makona amdima ndi pazovala zopachikidwa pachingwe, kudikira usiku. Mabatire oiwalika m'tochi amatulutsa madzi owononga tochiyo, nsapato yosavalidwa imauma n'kung'aluka, njinga yoimikidwa kuseri imatha ndi dzimbiri. Magetsi akathima n'kuyatsa kandulo pafupi ndi mulu wa mapepala ndi majumbo, ngozi ya moto imakhala ili pakhomo. Pamwamba pa zonsezi pali nkhani ya malo. Ku Ndirande, ku Mbayani, ku Chinsapo kapena ku Chibavi, banja limalipira lendi mwezi ndi mwezi pa nyumba ya zipinda ziwiri, ndiye chipinda chimodzi n'kusanduka mosungira zakufa, ana n'kumayala mphasa pabalaza ndi kulembera ntchito ya kusukulu pamaondo. Banja lotere likulipirira lendi mpando wothyoka pamene mwana alibe pogona pabwino. Tikamati tikusunga, nthawi zambiri timakhala tikungochedwetsa tsiku lotaya, ndipo pofika tsikulo chinthucho chimakhala chosathandizanso aliyense.

Sikuti anthu amadzaza nyumba mwadala. Katundu amalowa pang'onopang'ono, ndipo chilichonse chimabwera ndi chifukwa chomveka. Kaunjika wa ku Limbe kapena wa pamsika wa Tsoka ku Lilongwe amakopa ndi mtengo wake, moti munthu amatola malaya atatu pomwe anachoka kunyumba akufuna amodzi. Maukwati ndi maphwando a amayi opatsana ziwiya amabweretsa mbale ndi matambula ochuluka, zimene zimakakhala m'kabati ya pabalaza kudikira alendo amene sadzabwera onse tsiku limodzi. Msonkhano uliwonse wa mpingo, wa chipani kapena wa bungwe umabwera ndi nsalu yake. Mabotolo, zigubu za mafuta ophikira ndi majumbo zimatsalira pa chilichonse chimene tagula. Khomo lolowera katundu ndi lotsegula tsiku ndi tsiku, koma lotulukira palibe analikonza. Apa mwambi wina umatichenjeza kuti "Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada." Wofuna kugwira zonse amathera pa kusapindula ndi chilichonse. Mayi wa nsalu zodzaza sutikesi amavalabe zitatu zimene zili pamwamba, ndipo bambo amakagula sipanala ina kumsika pamene yoyamba ili m'nyumba momwemo, kungoti yakwiririka. Kuchuluka kwa katundu kumatha kumuwonongetsa munthu ndalama zimene ankaganiza kuti akupulumutsa.

Pali amene angatsutse, ndipo mawu awo si opepuka. Adzati kupatsa ndi nkhani ya opeza bwino, wosauka satulutsa kanthu m'nyumba chifukwa chimene wachotsa lero sadzatha kuchigula mawa. Umboni ali nawo: kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya mapoto, mabulangete ndi nsapato inakwera osabwereranso. M'nyengo yotere kusunga waya, msomali ndi chigamba ndi nzeru, ndipo palibe woganiza bwino amene angauze banja kuti lichotse bulangete la alendo kapena zovala zimene mwana wotsatira adzavala chaka chamawa. Koma tisiyanitse chinthu chimene chili ndi tsiku lake lodziwika ndi chimene chikudikira "tsiku lina" limene silifika. Poto wobooka amene akupita kwa mmisiri Loweruka likubwerali ndi chuma, koma amene wakhala padenga zaka zitatu akudikira mmisiri yemweyo ndi bodza limene tikudzinamiza tokha. Ndipo kukwera kwa mitengo kumeneku ndiko chifukwa chachikulu chopatsira. Ngati nsapato zadula chomwechi, n'chifukwa chiyani zothina ziwolere m'katoni pamene mwana wa mchemwali wanu akupita kusukulu wopanda nsapato? Zimene ife timaziyesa zinyalala, ena akudyera momwemo. Wogulitsa thobwa akusowa mabotolo, wokhoma mbaula ndi ndowa akusowa malata, telala akusowa zigamba, ogula zitsulo zakale akuyenda m'makwalala. Chimene simungathe kupereka ulere, chigulitseni. Ndalamayo igula ufa, pamene chitsulo chogona kuseri sichidyetsa munthu.

Ena adzati anthu a masiku ano sayamika, umam'patsa lero, mawa akudutsa osakupatsa ndi moni womwe. Enanso, ngakhale sanena poyera, amaopa kuti chovala chimene chinakhudza thupi lawo chikafika m'manja oipa chingakhale njira yowachitira chipongwe. Mantha amenewa sachoka ndi kuwaseka, koma satikakamizanso kutseka sutikesi mpaka kalekale. Munthu ali ndi ufulu wosankha womupatsa: m'bale wodalirika, mpingo kapena mzikiti umene umasonkhanitsa zothandizira okalamba, malo olerera ana amasiye, odwala amene agonekedwa m'chipatala opanda wowazonda. Pa nkhani ya kuyamika, mwambiwu sunalonjeze kuti chobwezacho chidzachokera m'dzanja lomwe linalandira. Ukunena za mudzi wonse umene anthu ake anazolowera kugawana. Namondwe wa Freddy atawomba mu Malichi 2023, matope ochokera m'phiri la Soche anakwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo m'chigawo chakumwera anthu oposa theka la miliyoni anasowa pokhala. Opulumuka ambiri anafika m'misasa ya m'masukulu ndi m'matchalitchi ndi zovala za m'thupi zokha. Zonse zimene anasunga m'masutikesi zinapita ndi madzi, ndipo ambiri anavala ndi kufunda zimene anthu wamba anatulutsa m'nyumba zawo n'kukapereka. Pamenepo zinaonekera poyera kuti chosungidwa m'nyumba chikhoza kutha limodzi ndi nyumbayo, koma chizolowezi chogawana chimatsala, ndipo tsiku la tsoka chimafikira aliyense.

Komabe mwambiwu uli ndi malire ake, ndipo wougwiritsa ntchito molakwika amausandutsa chipongwe. Kupatsa si kukatayira zinyalala pakhomo pa mnzako. Chovala chopereka chichapidwe, chisokedwe pong'ambika, chikhale choti nanunso mukanachilandira mosachita manyazi. Zina n'zosayenera kupatsa n'komwe. Mankhwala otsala kapena otha masiku asaperekedwe kwa wodwala wina, koma mufunse achipatala njira yowawonongera. Chigubu chimene munali mankhwala a m'munda kapena ophera tizilombo chisasanduke chotungira madzi pakhomo pa aliyense. Palinso zinthu zimene sizigwira ntchito koma n'zosayenera kuchoka: nsalu ya malemu amayi, chithunzi cha ukwati, Baibulo kapena Korani ya agogo. Izi zisungidwe, koma zikhale zochepa ndi zosamalidwa, chifukwa chikumbutso chimene chakwiririka pansi pa makatoni chikuwola mofanana ndi zinzake. Phindu lalikulu la kupungula katundu n'lakuti zofunika zenizeni zimapeza malo. Chiphaso cha unzika, zikalata za kubadwa kwa ana, mabuku a kusikelo ndi a kuchipatala, satifiketi za MSCE ndi mapepala a malo zikhale m'chikwama chimodzi chosalowa madzi, pamalo okwera amene bambo ndi mayi onse akuwadziwa, choti n'kuchinyamula ndi dzanja limodzi pothawa moto kapena madzi.

Ntchito imeneyi si ya mayi yekha, ngakhale tinazolowera kumusenzetsa za m'nyumba zonse. Mutu umodzi susenza denga, ndipo katundu wodzaza nyumba ali ndi eni ake ambiri: matayala ndi mawaya a bambo, nsalu ndi mbale za mayi, makope ndi zidole za ana. Kutulutsa cha mnzako mobisa kumabala mkangano woposa vuto limene umafuna kuthetsa. Choncho aliyense agwire chake n'kuyankha pamaso pa anzake mafunso awiri: chinagwira ntchito liti komaliza, nanga ndani amene chingamuthandize lero? Nyengo nazo zimatiuza nthawi yake. Mabulangete ndi majuzi owonjezera atuluke mu Meyi, kuzizira kwa Juni ndi Julayi kusanafike. Yunifolomu ndi nsapato zothina zipite kwa eni ake atsopano sukulu zisanatsegulire mu Seputembala. Dzuwa la Okutobala ndi loyanika zonse pabwalo, kusesa m'makona, kumata ming'alu ndi kubwezeretsa m'nyumba zokhazo zoyenera, mvula isanagwe. Chotsala chilichonse chipatsidwe malo ake okhazikika. Chogwiritsidwa ntchito tsiku ndi tsiku chikhale pafupi, koma machesi, mipeni ndi mankhwala zikhale poti ana safika. Mwana amene wanyamula yekha malaya ake othina kukapereka kwa msuweni wake waumvetsa mwambiwu kuposa amene anangoulemba pamayeso a Chichewa.

Tivomereze chinthu chimodzi chimene sitikonda kuchinena: katundu yense adzagawidwa ndithu. Chotsala n'chakuti adzagawa ndani, ndipo katunduyo adzakhala ali bwanji. Maliro akatha, achibale amakhala pansi n'kutsegula masutikesi a malemu, ndipo kawirikawiri amapezamo masuti amene njenjete zinadya kale ndi mbale zimene sizinaonepo nsima. Pa chuma chosiyidwa m'pamene pamabuka mikangano yolekanitsa abale, moti mu 2011 dziko la Malawi linachita kukhazikitsa lamulo latsopano la chuma cha masiye pofuna kuteteza ofedwa kwa olanda katundu. Wopatsa akadali moyo amasankha yekha wolandira, amapereka chinthu chikadali ndi ntchito, amamva zikomo ndi makutu ake, ndipo amasiyira ana ake nyumba yopumamo bwino komanso abale amene ali ndi chifukwa chowakumbukira. Woumira amataya zonsezi, ndipo katundu amene anakakamirayo amawonongekabe. N'chifukwa chake banja lililonse, losauka ndi lopeza bwino lomwe, liyenera kukhala ndi chizolowezi chotulutsa monga momwe lilili ndi chizolowezi cholowetsa, ndipo lizichita zimenezi chaka ndi chaka, osadikira kuti kusamuka, chigumula kapena maliro ndizo zilikakamize.