Kodi Mapu Anena Zoona Zonse?

Tikafunyulula mapu akale a phiri la Mulanje tiona mizere yambiri yokhotakhota. Mzere uliwonse ulumikiza malo a msinkhu umodzi. Pamene mizere yathithikana mpotsetsereka koopsa, ndipo pamene yatalikirana mpoyendeka bwino. Pamwamba pa zonse pali Sapitwa, mamita 3,002. Oyesa dziko sananame ai. Koma tifunsane, abale: kodi wonena zoona zokhazokha wanena zoona zonse?

Taonani mpata uja wa pakati pa Mchese ndi phiri lalikulu. Papepala pali kamzere ka njira, ndi dzina lakuti Fort Lister, ndilo linga limene boma la Angerezi linamanga m'chaka cha 1893 kutsekereza ogula anthu. Kamzereko sikatiuza kuti m'njira yomweyo munapita anthu omangidwa m'magoli, kunka kunyanja yamchere kukagulitsidwa. Taonaninso mtsinje wa Ruo, wotsika m'phirimo. Pa pangano la 1891 Angerezi ndi Apwitikizi anauyesa malire. Pepala lisonyeza malirewo, koma silisonyeza abale amene anatsala, wina tsidya lino, wina tsidya lija.

Kapena wina adzati, "Pepala lalakwanji? Ntchito yake ndiyo kutsogolera wapaulendo, si kulira maliro." Wanena bwino. Mapu odzala ndi mbiri zonse sakadawerengeka, ndipo mlendo akadasokera m'nkhungu za m'phiri. Kusiya zina nkoyenera ndithu.

Tsono choopsa chili mwa ife owerenga, tikayesa kuti chosalembedwa sichinachitike. Ndiponso ife tomwe tilemba mapu otere ndi pakamwa pathu. Pabwalo la mfumu, pokangana za munda, tichita umboni kuti mtengo wakutiwakuti ndiwo malire, ndipo nzoona. Koma sititchula mkazi wamasiye amene anaswa mphanje pamenepo ndi khasu lake, tonse tilikuona. Mawu athu onse ngoona, koma umboni wathu ngwonama, ndipo wamasiyeyo apita kwawo wopanda munda.

Potero kusiyana kwake ndi uku: woyesa dziko asiya zina kuti wapaulendo akafike, koma ife kawirikawiri tisiya zina kuti woweruza asokere. Chifukwa chake, tikafuna kutseka pakamwa pa mlandu wa mnzathu, tiyambe tadzifunsa kuti, kukhala chete kwathuku kupindulira yani?