Kodi Kuveka Mwana Chisoti Ndi Kusowa Chikhulupiriro?

M'mawa uliwonse timaona ana athu akupalasa njinga kupita kusukulu, ena atakwera pa kabaza, ena atapanikizidwa pakati pa woyendetsa njinga yamoto ndi mayi wawo, mitu ili poyera. Tikayamba kukamba za chisoti choteteza mutu, chomwe ambiri timati helemeti, yankho silichedwa: "Tsiku likakwana lakwana, amateteza ndi Mulungu." Mawuwa amamveka ngati achikhulupiriro. Koma kodi alidi otero?

Tidziyang'ane tokha. Madzulo timakhoma chitseko, mwana timamugoneka m'neti, timapita naye kusikelo kukabayitsa katemera. Palibe amene amati mayi wochita izi sadalira Mulungu. Nanga bwanji tikafika pa mutu wa mwana ndipamene timakumbukira zoti imfa sithawika? Ambuye wathu Yesu, Satana atawauza kuti adzigwetse kuchoka pamwamba pa kachisi, anakana kuyesa Mulungu. Kudalira Mulungu n'kwina, kumusiyira ntchito imene anaika m'manja mwathu n'kwinanso.

Nkhaniyi si yaing'ono. Lipoti la bungwe la World Health Organization la 2023 linati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi zapamsewu chaka chilichonse, ndipo ngozizi ndizo zimapha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. Dzanja likathyoka limalumikizana, koma ubongo ukavulala, mwana angathe kutsala wosayankhula kapena wosayenda bwino moyo wake wonse. Mkati mwa chisoti muli chinkhupule cholimba chimene chimaphwanyika polandira mphamvu ya kugwako, kuti mutu usailandire yonse.

Wina adzati, "Nyumba ilibe ufa, chisoti ndichigula ndi chiyani?" Funsoli ndi loona, ndipo sitiyenera kuweruza mayi wotere. Koma umphawi wa mmodzi ndi mayeso a tonsefe, pakuti mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Ngati timasonkherana ndalama za maliro, kodi sitingasonkherane zoteteza amoyo? Gulu lathu lingagule zisoti ziwiri kapena zitatu za ana amene amapalasa mtunda wautali.

Komanso tivomereze: si nthawi zonse vuto limakhala ndalama. Wakabaza akatipatsa chisoti, timakana poopa kuwononga tsitsi kapena duku, ngakhale lamulo la dziko lathu limafuna kuti woyendetsa njinga yamoto ndi wokwera yemwe avale. Mwana amaona. Sangamvere mawu amene mayi wake sakuwatsata.

Tsono tiphunzitse bwanji? Osati pongomuopseza, koma pomuuza chifukwa chake, kuti adzavale ngakhale ife kulibe, ngakhale anzake akumuseka. Chisoti chimukwane, chisamagwedere. Chikhale chowongoka, mpata wa zala ziwiri pamwamba pa nsidze. Malamba akumane pansi pa khutu, ndipo lamba wa pachibwano amangidwe moti chala chimodzi kapena ziwiri zokha zilowe. Chosamanga chimauluka mwana asanafike pansi. Chimene chinamenyetseka kale pa ngozi chatha ntchito, ngakhale chioneke chabwino. Tikumbukirenso kuti chisoti cha njinga yakapalasa sichikwanira pa njinga yamoto.

Chisoti sichiletsa ngozi. Mwana adziwenso kuyenda kumanzere kwa msewu, kuyesa mabuleki asananyamuke, ndi kuvala zowala kukamada.

Masiku a ana athu sitiwadziwa, ndipo sitingawawonjezere mwa nzeru zathu zokha. Koma mutu umene tinaubereka kumsana, kuumeta ndi kuudzoza mafuta, taupatsidwa kuti tiusamale. Pamsonkhano wathu ukubwerawu tifunsane: ndi ana angati m'dera lathu amakwera njinga tsiku ndi tsiku, ndipo tiyambire pa yani? Kuwongola mtengo mpoyamba.