Khutba ya Jumu'ah: Ana Athu ndi Anthu Opanda Pogona

Kutamandidwa konse nkwa Allah Subhaanahu wa Ta'ala, amene watipatsa denga pamwamba pathu. Madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Muhammad, Swalla Allahu alaihi wasallam, akubanja lake ndi Maswahaba ake.

Abale ndi alongo m'Chisilamu, lero tikulankhula za anyamata ndi atsikana athu a zaka 13 mpaka 19. Akaona munthu wagona pakhonde la sitolo ku Insaca, kapena pasiteshoni ya sitima ku Entre-Lagos, ena amamuseka, ena amamujambula pafoni n'kutumizirana pa WhatsApp. Tisafulumire kuwakalipira. Kodi ife tinawaphunzitsapo kuti munthuyo ndi ndani?

Tiwauze za chaka cha 622. Asilamu a ku Makka atasamukira ku Madina anafika opanda nyumba, opanda munda. Ma Ansaar anawalandira, ndipo Mtumiki anawalumikiza awiriawiri paubale. Amene anasowabe pokhala anagona pakhonde la mzikiti wa Mtumiki, lotchedwa Suffa, ndipo iye ankagawana nawo chakudya cha m'nyumba mwake. Mmodzi wa iwo anali Abu Huraira, Radhiya Allahu anhu. Ma hadith ambiri amene ana athu amaloweza kumadrasa anatifikira kudzera mwa munthu amene analibe chitseko chotseka usiku.

Tiwauzenso za ife eni. Pa nkhondo imene inatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi. Ambiri mwa akuluakulu muli muno munawoloka cha ku Nayuchi kapena m'mbali mwa nyanja ya Chiuta, mkeka uli pamutu. Bwanji mukuwabisira adzukulu anu?

Mwana adziwe kuti pogona ndi ufulu wa munthu. Surat At-Tawba, ayah 60, imaika osauka ndi wapaulendo wosowa m'gulu la oyenera kulandira Zakaat, ndipo gawo limenelo ndi lawo, wopereka sayenera kuthokozedwa ngati wachita chifundo chapadera. Chikalata cha ufulu wa anthu chimene mayiko anagwirizana mu 1948 chimatchula nyumba pa ndime 25. Malamulo aakulu a dziko lathu la Mozambique, pa ndime 91, amati nzika iliyonse ili ndi ufulu wokhala m'nyumba yoyenera. Mwana wodziwa zimenezi sangapemphe thandizo la mnansi wake mogwada.

Tsono nkhani ya mafoni. Namondwe Freddy atagwa mu Malichi 2023, zithunzi za ku Quelimane ndi za ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre zinazungulira dziko lonse, ndipo thandizo linalondola zithunzizo. Umo ndi mmene zimayendera: nkhani ikamveka pawailesi, aboma amafunsidwa, ndipo akafunsidwa amasuntha. Koma nyumba ya zidina zosawotcha ikagwa m'mudzi wa m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, palibe mtolankhani amene amafikako. Gogo wosiyidwayo amangosamukira m'khitchini mwa mnansi, dzina lake osalowa m'kaundula aliyense.

Foni imene ili m'manja mwa mwana wanu ingathe kulowetsa dzinalo m'kaundula. Koma Surat Al-Hujuraat, ayah 6, imatilamula kufufuza nkhani tisanaikhulupirire. Choncho asatumize chithunzi chimene sakudziwa kumene chachokera, asawonjezere chiwerengero pofuna kuti thandizo lichuluke, ndipo asajambule nkhope ya munthu wovutika popanda chilolezo chake. Bodza limodzi likagwidwa, mudzi wonse sukhulupiriridwanso.

Mvula isanayambe, mzikiti uliwonse usankhe achinyamata, anyamata paokha, atsikana pamodzi ndi amayi. Ayende khomo ndi khomo, kwa Msilamu ndi kwa Mkhristu yemwe, alembe amene akugona panja ndi amene khoma lawo lang'aluka. Pepala limodzi lipite kwa amfumu, lina kwa oyang'anira za ngozi a INGD kuboma, lina litsale kwa osunga Zakaat. Makolo amene mukulola ana anu kugwira ntchitoyi, mutsale pang'ono tikamaliza Swala kuti tilembe mayina.