Ndodo Yokhululuka ndi Ndodo Yosabisa Cholakwa

Mu 1959, Karsten Solheim, injiniya wobadwira ku Norway yemwe ankagwira ntchito ku General Electric, anayamba kupanga ndodo za gofu m'galaja ya nyumba yake ku California. Nzeru yake inali yochotsa chitsulo pakati pa mutu wa ndodo n'kuchiika m'mbali. Mpira ukagunda chapambali, mutuwo supotoka kwambiri, ndipo mpirawo umakagwerabe pafupi ndi pamene wosewera amafuna. Kampani yake ya PING inatchuka nayo nzeruyi, ndipo mu 1989 Mark Calcavecchia anapambana mpikisano wa Open ndi ndodo za kampaniyi zotchedwa Eye2, zogoba kumsana.

Koma akatswiri ena, monga Tiger Woods, amakakamirabe ndodo zopyapyala zotchedwa blade. Munthu akaphonya nazo pang'ono chabe, manja amachita dzanzi, mpira n'kuthera panjira. Ozikonda amati ululuwo ndiye mphunzitsi, ndipo ndodo yokhululuka imalera ulesi.

Nkhawa imeneyi si yachilendo kwa anthu opemphera. M'chaputala 6 cha kalata yake kwa Aroma, Paulo analimbana ndi maganizo akuti chisomo chimapatsa munthu mpata wochimwabe, ndipo anawakana kwamtuwagalu. Mu 1937, m'busa wa ku Germany Dietrich Bonhoeffer anachenjezanso za chikhululukiro chimene munthu amalandira popanda kusintha khalidwe. Kodi kuchitiridwa chifundo kumamuwononga munthu?

Pabwalo la gofu yankho limaoneka ndi maso. Ndodo ya Solheim sibisa cholakwa. Nkhope ya ndodo ikaloza kumitengo, mpira umapita kumitengo komweko, ndipo kumenya kulikonse kumalembedwabe pakhadi. Chimene ndodoyo imachepetsa ndi kukula kwa chilango. Wophunzira amene mpira wake ukungokwawa pa dzenje lililonse amagwa ulesi n'kusiya, ndipo wosiya sakonzanso kalikonse. Amene walakwa koma mpira n'kuulukabe amabweranso mawa, ndipo kubwerako n'kumene kumamupatsa nthawi yowongola dzanja lake.

Vuto lenileni lili mumtima mwa wogula. Alipo amene amanyamula blade kuti anzawo akasuzumira m'chikwama awaone ngati akatswiri, chonsecho mpira saugunda pakati. Amenewa akukana thandizo chifukwa cha matama, monga munthu amene amachita manyazi kupempha chikhululukiro. Kusankha bwino kumayamba ndi kuvomereza mmene munthu amamenyera pa tsiku wamba, osati tsiku lija zonse zinamuyendera.

N'chifukwa chake akatswiri ambiri amasakaniza. Malamulo amalola ndodo 14 m'chikwama, ndiye pa ndodo zazitali, zimene zimavuta aliyense, amaikapo zogoba kumsana, pamene pa zazifupi, zimene dzanja lawo lazizolowera, amasunga blade. Ngakhale anthu amene amadyera gofu amadziwa mbali ya masewera awo imene ikufunikabe kuchitiridwa chifundo.