Nzeru Nazo Zili ndi Polekezera



Ku koleji kuno ndimamva anzanga akuti, "Chimene nzeru zanga sizinachitsimikize, ine sindichikhulupirira." Ena swala anasiya kalekale chifukwa cha mawu amenewa. Koma kodi nzeruzo anazitsimikiza ndani?

Funso limeneli linamusautsa Imam al-Ghazali, amene anayamba kuphunzitsa ku Nizamiyya ya ku Baghdad mu 1091. M'buku lake la al-Munqidh min al-Dalal akufotokoza kuti diso limaona nyenyezi ngati kandalama kachitsulo, pomwe masamu amasonyeza kuti ndi yaikulu kuposa dziko lapansi. Apa nzeru zalikonza diso. Nanga nzeru zikaphonya, adzazikonza ndani? Munthu akamalota sakayika chilichonse mpaka atadzuka. Kukayika kumeneku kunamugwira pafupifupi miyezi iwiri, ndipo akuti anachira ndi kuwala kumene Allah anaika mumtima mwake. Nzeru sanazitaye ayi, anangodziwa pamene zimalekezera.

Taganiziraninso za Iblis mu Surah al-A'raf. Mfundo zake zinkaoneka zoyalana bwino: iye analengedwa kuchokera ku moto, Adam (AS) ku dongo, choncho wopambana ndi iyeyo. Allah ankamudziwa bwino lomwe, koma kudzikweza kunasandutsa nzeru zake kukhala chida chokanira lamulo. Paja nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi.

Ku madrasa tinaphunzira kuti liwu lakuti aql ndi lapachibale ndi iqal, chingwe chomangira ngamira. Ndiye kwa ine, wamutu wabwino ndi amene nzeru zake zimamumanga akafuna kuchita haramu, ngakhale pamene palibe womuona. Kupambana mkangano pa WhatsApp si umboni. Maquraish ankadziyesa ochenjera, mpaka Mtumiki Muhammad (SAW) anamutcha wamisala, Allah n'kuwayankha mu Surah al-Qalam.

Tisasokoneze izi ndi matenda a maganizo. Hadith imatiphunzitsa kuti munthu amene mutu wake wasokonekera salembedwa machimo mpaka atachira. Ameneyu ndi wodwala, tisamuseke kapena kumunena kuti alibe imani. Timuchitire duwa, timuperekezenso kuchipatala.

Funsani mafunso, werengani, pitani kwa mashehe odziwa. Koma yankho likachedwa, swala musasiye.

Allah atiteteze nzeru zathu ndi mitima yathu. Ameen.